Giza ya gasi ikamangozima, yambani mwayang'ana wotchi

Ku Senga Bay azakhali anga ali ndi nyumba ya zipinda zinayi yogonamo alendo. Kuseri kwa bafa, pansi pa khonde, kuli giza ya gasi yomwe anaigula yogwiritsidwa kale ntchito, utoto wake unasuluka ndipo dzina la kampani silikuwerengekanso. M'mwezi wa Julayi inayamba khalidwe loipa. Mlendo atsegula shawa, kuseri kumveka thethethe, kenako buu, madzi atentha bwinobwino. Munthu wadzola sopo thupi lonse mpaka kumaso, basi moto phi, madzi ozizira ngati a m'mtsuko. Ndipo nthawi ya mwera kunyanja kumazizira ndithu, asakunamizeni kuti ku Salima n'kotentha chaka chonse.

Nditafika ndinapeza mmisiri wina atatsegula kale chivundikiro, wagwira tiwaya tiwiri. Anati, "Mayi, chikukuvutitsani ndi kachitsulo aka. Tingolumikiza mawayawa, sizimanso." Sananame, giza ikanalekadi kuzima. Koma kachitsulo ankafuna kudumphako ndi kamene kamazimitsa moto utsi ukayamba kubwerera m'mbuyo. Ndinamupempha kuti achimwene dikirani kaye, tiyiyatse tione imatenga nthawi yaitali bwanji isanazime.

Ndinatero chifukwa giza ya gasi nthawi zambiri siizima yokha, imachita kuzimitsidwa. M'kati mwake muli alonda angapo, aliyense ali ndi chake chimene amayang'anira, ndipo aliyense ali ndi mphamvu yotseka gasi akaona kuti zinthu sizili bwino. Ntchito ya wokonza ndi kudziwa mlonda amene watseka, ndi chimene waona. Chimene chimamuulula ndi nthawi. Wina amatseka pakangopita masekondi ochepa, wina amadikira mphindi zitatu, wina mpaka mphindi khumi.

Kuti zimveke, tione kaye zimene zimachitika mukatsegula mpopi. Giza zimene zimapezeka m'nyumba ndi m'malo ogona alendo kunyanja kuno zambiri sizisunga madzi, zimawatenthetsa akamadutsa. Madzi akalowa amakankha kalabala kozungulira kotchedwa diaphragm. Kalabalako kamakankha kamsomali, kamsomali kamadina kaswitchi. Pamenepo mabatire awiri akuluakulu, aja a m'wailesi, amayamba ntchito ziwiri: kuthethetsa moto, ndi kutsegula kachitseko ka gasi kotchedwa solenoid. Gasi akayaka, lawi limawomba paipi ya kopa yopindapinda imene madzi akudutsamo, utsi n'kukwera kutulukira ku chumuni. Ndiye kuti pafunika zinthu zinayi nthawi imodzi: madzi oyenda mokwanira, gasi wokwanira, mphamvu ya mabatire, ndi mpweya wolowa komanso njira yotulukira utsi. Chimodzi chikangoperewera, moto wazima.

Giza ikayaka n'kuzima masekondi asanakwane khumi, pitani ku mabatire musanaganize china chilichonse. Anthu amakana, amati nanga si ikuthetheka. Kuthetheka sikutanthauza kuti mabatire ali bwino. Kachitseko ka gasi kaja kali ndi sipuling'i yomwe imakakankha kuti katseke, ndipo magetsi a mabatire ndi amene amakagwira kuti kakhale kotsegula. Batire lililonse likakhala latsopano limapereka mavoti 1.5, awiriwo pamodzi 3. Akafooka amathabe kuthethetsa koma kugwira chitseko amalephera. Mabatire oti wailesi ikulira nawo bwinobwino giza itha kuwakana. Kuwayanika padzuwa monga timachitira kumudzi sikuthandiza, mugule atsopano a alkaline, ndipo musasakanize latsopano ndi lakale. Yang'ananinso m'kabokosi kake. Chinyezi cha kunyanja chimadya tizitsulo togunda batire, mupeza zobiriwira kapena zoyera ngati ufa. Palani ndi sandipepa.

Mabatire akakhala bwino koma khalidwe n'lomwelo, wotsatira ndi mlonda wa lawi. Pafupi ndi pamene moto umayakira pali tizitsulo towonda ngati singano, tozikidwa m'zinthu zoyera zadothi. Tina ndi tothethetsa, koma kamodzi ntchito yake ndi kumva ngati lawi lilipo. Lawi limatha kudutsitsa magetsi ochepa kwambiri, ndiye kachitsuloko kakakhala m'moto magetsiwo amadutsa kupita ku chitsulo cha giza, bokosi loyendetsa zinthu n'kudziwa kuti moto wayaka. Kakakutidwa ndi mwaye kapena dzimbiri, kapena kakapindika n'kuchoka m'lawi, bokosilo limaganiza kuti gasi akungotuluka osayaka ndipo limatseka. Kupukuta pang'ono ndi sandipepa wosalala kumathetsa vutoli kawirikawiri. Chadothi chija chikang'aluka, palibe kumata, n'kugula china.

Giza zakale kwambiri zilibe mabatire. Zili ndi kalawi kakang'ono kamene kamayaka usana ndi usiku, ndipo pambali pake pali thermocouple, kandodo kopangidwa ndi zitsulo ziwiri zosiyana. Nsonga yake ikatentha imatulutsa magetsi ochepetsetsa, cha m'ma 20 mpaka 30 millivolts, ongokwanira kugwira maginito amene amatsegula gasi. N'chifukwa chake poyatsa mumadina batani kwa theka la mphindi, mukudikira kuti nsongayo itenthe. Mukachotsa chala kalawi n'kuzima, mwina thermocouple yatha, mwina nati yake yakhwefuka kumene imamangidwa, mwina kalawiko kafooka moti sikakufika pansonga chifukwa kabowo kake katsekeka ndi fumbi. Kabowoko musakakule ndi singano. Mukakakulitsa ngakhale pang'ono lawi limasintha, ndipo kubweza n'kosatheka.

Ku Senga Bay kuja mbali imeneyi inali bwino. Giza inayaka n'kupitirira miniti yoyamba, yachiwiri. Ndiye tinatembenukira ku madzi, ndipo m'kuona kwanga kuno kwathu giza zambiri zimene anthu amati zafa zimakhala kuti madzi ndiwo achepa mphamvu.

Kumbukirani kalabala kaja. Kamafuna madzi akakankhe ndithu. Nyumba zambiri za m'mphepete mwa nyanja zimadalira thanki yokwezedwa pansanja, ndipo mphamvu ya madzi otere imachokera ku kutalika kokha. Mphamvuyi amaiyeza mu bar, ndipo mamita 10 amapereka pafupifupi 1 bar. Ngati kuchokera pamwamba pa madzi a m'thanki kufika pamutu wa shawa pali mamita atatu, muli ndi 0.3 bar basi, ndipo mapaipi ndi makona ake amadyako ina. Giza iliyonse ili ndi kachikwangwani kolembedwa mphamvu yochepetsetsa imene imafuna. Ya thanki ya mamita atatu imakhala pamalire penipeni. M'mawa thanki ili yodzaza giza igwira ntchito. Madzulo anthu achapa, aphika, athirira maluwa, madzi atsika ndi mita yathunthu, giza iyamba kuyaka n'kuzima, kuyaka n'kuzima. Mwini nyumba n'kumati imadana ndi usiku.

Kuyeza kwake n'kosavuta. Tengani ndowa ya malita 20, tsegulani mpopi wa madzi otentha wokha, muwerenge nthawi. Ikatenga mphindi zisanu ndi ziwiri kuti idzaze, ndiye kuti pa mphindi pakudutsa malita osakwana atatu, ndipo giza zing'onozing'ono zambiri zimayamba kuvuta pamenepo. Zazikulu zimafuna oposa apo. Mukapeza kuti madzi ndi ochepa, musathamangire kugula pampu. Masulani paipi yolowetsa madzi pansi pa giza, mupeza kasefa kawaya. Kwa amene amapopa madzi m'nyanja kapena pachitsime, kasefako kamadzaza mchenga ndi ndere. Masulaninso mutu wa shawa muuyang'anitse kudzuwa, muona mabowo angati atsekeka. Unyikeni mu viniga usiku wonse. Zonsezi zikakhala bwino koma giza ikufunabe madzi ambiri kuposa kale kuti iyake, kalabala kaja kauma kapena kabooka. Ndi kachinthu kotchipa, koma mupite nako kakaleko kusitolo chifukwa timasiyana kukula.

Pali chinthu china chimene wosamba amachita yekha osadziwa. Madzi atentha kwambiri, iye n'kutsegula mpopi wozizira kuti asakanize. Mipopi iwiriyo imamwa paipi imodzi. Wozizira ukatsegulidwa umalanda madzi amene amadutsa m'giza, kalabala kabwerera, kaswitchi kamasuka, moto wazima. Munthu atseka wozizira, giza iyakanso, madzi amuwotcha, atsegulanso wozizira. Akhoza kuvina gule ameneyu mpaka sopo kuuma. Mankhwala ake ali pa giza pomwepo: chepetsani kotembenuza ka gasi, onjezerani ka madzi, mpaka madzi otuluka akhale oti munthu n'kusamba osasakaniza. Giza zina zili ndi kotembenuza kachitatu ka nyengo yotentha ndi yozizira, kamene kamazimitsa mbali ina ya moto. Mu Okutobala ndi Novembala, pamene thanki yakuda yakhala padzuwa la ku Salima tsiku lonse ndipo madzi akulowa ali ofunda kale, kaikeni pa nyengo yotentha.

Zimenezi zikutifikitsa kwa mlonda wa kutentha. Pa paipi yotulutsa madzi pamamangidwa kachitsulo kozungulira ngati batani la malaya, kokhala ndi mawaya awiri. Madzi akafika poti angathe kusupula munthu kamadula magetsi. Chizindikiro chake ndi chakuti giza imayaka mphindi ziwiri kapena zitatu, madzi akunka natentha mpaka nthunzi, kenako phi. Mukadikira pang'ono iyakanso. Nthawi zina m'kati mumamveka kulira ngati ketulo ikufuna kuwira. Chochititsa ndi madzi oyenda pang'onopang'ono pamoto waukulu, kapena laimu. Kuti mudziwe ngati madzi anu ali ndi laimu, suzumirani m'ketulo yanu. Ngati pansi pake pali chikhakha choyera, chomwecho chili m'paipi ya giza. Madzi a m'mijigo ndi zitsime zina amakhala nacho chambiri, ndipo chimamatirira msanga madzi akamatenthedwa kupitirira madigiri 60. Chikhakhacho chimachepetsa njira ya madzi, komanso chimatchinga kutentha moti kopa amapsa koma madzi osalandira bwino. Kuchotsa kwake ndi kuzunguliza viniga kapena citric acid m'paipimo kwa kanthawi, giza ili yozimitsa ndi yomasula ku mapaipi a nyumba. Asidi wa m'batire la galimoto ayi.

Kwa azakhali ndowa inadzaza m'mphindi zitatu, madzi sanapse mopitirira. Koma titafika mphindi ya chisanu ndi chimodzi ndinaona pakawindo kuti lawi likufupika. Ndinapita kukagwira silinda ya gasi. Inali yozizira ngati yotuluka m'firiji, kumunsi kwake kuli thukuta.

Gasi wa m'silinda amakhala wamadzimadzi, wosakaniza propane ndi butane. Kuti atuluke ngati mpweya amayenera kuwira, ndipo kutentha kowiritsira amakutenga ku chitsulo cha silinda ndi mpweya wozungulira. Mukamatunga pang'ono, monga pophika, silinda imakwanitsa. Koma giza ndi chilombo. Nambala imene imalembedwa pa giza, kaya malita 10, 12 kapena 16, imatanthauza madzi amene ingawatenthetse pa mphindi imodzi powonjezera madigiri 25. Ya malita 12 ikatsegulidwa yonse imadya gasi woposa kilogalamu imodzi ndi theka pa ola, ya malita 16 imapitirira makilogalamu awiri. Silinda ya 9 kg, makamaka ikatsala pang'ono, siingawiritse gasi wochuluka chotero kwa nthawi yaitali. Imazizira, mphamvu itsika, lawi lifupika mpaka kuchoka pa kachitsulo komva moto kaja. Propane amawira ngakhale pa madigiri 42 pansi pa ziro, koma butane amaleka kuwira pafupi ndi ziro, ndipo silinda ikamatha wotsalira wambiri amakhala butane. N'chifukwa chake silinda yoti mukaigwedeza mukumva kuti muli gasi, yoti pachitofu ikuphika nsima, pa giza imakanika. M'mawa wa Juni ndi Julayi zimanyanya.

Mzere wa thukuta uja umakuuzaninso pamene gasi wafika. Wathu unali m'munsi kwambiri. Azakhali anati, "Iwe, ndiye tiziika pafupi ndi mbaula kuti izifunda?" Ndinati ayi azakhali, chonde, musadzayerekeze. Silinda siiyandikira moto, siigonekedwa cham'mbali, siitembenuzidwa. Mukaigoneka, gasi wamadzi amalowa m'paipi n'kukafika pamoto. Chofunika ndi silinda yaikulu, ya 19 kg kapena 48 kg, kapena ziwiri zolumikizidwa ndi munthu wodziwa ntchitoyo, ndipo yaing'onoyo ipite kukhitchini.

Muonenso regulator, kachida komangidwa pakamwa pa silinda kochepetsa mphamvu ya gasi. Pamsana pake pamalembedwa zinthu ziwiri, mphamvu imene imatulutsa ndi makilogalamu amene ingadutsitse pa ola. Zida zambiri zobwera kuchokera ku South Africa zimafuna 2.8 kPa, koma tsatirani zolembedwa pa giza yanu. Regulator yaing'ono ya chitofu imene imadutsitsa kilogalamu imodzi pa ola idzaipanikiza giza pakhosi ngakhale silinda ikhale yodzaza. Ndipo musaikepo ija yotembenuza ya mphamvu zambiri, ya zitofu zokazingira tchipisi, poganiza kuti moto ukula. Paipi ya labala nayo ili ndi chaka cholembedwa pambali. Ikauma, ikang'ambikang'ambika, kapena makoswe akailawa, isintheni. Poyesa ngati gasi akutuluka, pakani thovu la sopo polumikizira muone ngati likufufuma. Machesi ayi. Gasi ameneyu ndi wolemera kuposa mpweya, sakwera kudenga, amayenda pansi n'kukakhala m'ngalande ndi m'makona. Fungo lake loipa lija amachita kuthiramo dala kuti mphuno izikuchenjezani. Mukalimva, tsekani pa silinda, tsegulani zitseko, musakhudze switchi ya magetsi.

Ngati giza yanu imazima pa mphindi 20 ndendende tsiku lililonse, siinawonongeke. Zambiri zinapangidwa ndi wotchi yotero. Tsekani mpopi, tsegulaninso.

Tinabwereka silinda yaikulu kwa aneba, lawi linaima bwino. Ndinayesa tathana nazo. Koma pa mphindi ya chisanu ndi chinayi mwera unawomba kuchokera kunyanja, lawi linagwedezeka, nsonga zake zinasanduka zachikasu, giza inazima. Ndipo chivundikiro chake kumtunda chinali chotentha moti dzanja silikanakhalapo. Apa ndiye panali pa kachitsulo kamene mmisiri uja ankafuna kudumpha.

Lawi la gasi woyaka bwino limakhala la buluu, lalifupi, loima njii. Likakhala lachikasu, lotalika, lovinavina, ndiye kuti mpweya ukuperewera. Moto wotere umatulutsa mwaye, ndipo mwayewo umatseka mipata ya tizitsulo topyapyala tozungulira paipi ya kopa, utsi n'kusowa podutsa, moto n'kuipiraipira. Kunyanja kuno zotseka njira ya mpweya sizisowa. Akangaude amakonda kuluka m'timipata tolowera gasi. Nalimata amafera momwemo. Amene mumakhala ku Nkhotakota mukudziwa mmene nkhungu zimaunjikanira paliponse pamene pali nyali zikatuluka m'nyanja, ndiye ganizani giza yokhala pansi pa babu la pakhonde. Ife titachotsa chumuni tinapeza mavu aja omanga ndi dothi atamanga nyumba zawo mpaka kutseka pafupifupi theka la paipi. Kumwamba kwake kunalibe chipewa, kamwa lake linaloza kunyanja, kumene mwera umachokera. Mphepo ikawomba utsi umabwerera pansi, n'kutenthetsa kachitsulo kaja, iko n'kutseka gasi monga kanapangidwira.

Utsi umenewu si wamasewera. Gasi akapsa moperewera mpweya amatulutsa carbon monoxide, yemweyo amene amapha anthu ogona ndi mbaula m'nyumba yotseka nyengo yozizira. Alibe fungo, alibe mtundu, sayabwa m'maso. Amakakamira magazi kuposa oxygen maulendo oposa 200, ndiye thupi limafa ndi njala ya mpweya munthu akupuma. Zizindikiro zake ndi mutu, chizungulire, nseru, kufooka. Kuno kwathu aliyense akamva zimenezi amati malungo, n'kupita kukayezetsa, osatchula n'komwe za giza. Kusiyana kwake n'kwakuti mutu wa utsi umayamba munthu akusamba kapena atangotuluka m'bafa, umapepuka akakhala panja, ndipo ungagwire anthu angapo a nyumba imodzi tsiku limodzi. Zikatero mutulutseni munthuyo panja, zimitsani giza, mupite naye kuchipatala ndipo mukanene za gasiyo.

N'chifukwa chake giza ya mtundu uwu siiyenera kukhala m'bafa kapena m'chipinda chogona. Ndaonapo ina itapachikidwa m'kati mwa bafa, pamwamba pa sinki, mwini wake akuti panja akuba angaibe, ndipo kawindo anakatseka ndi pulasitiki kuopa udzudzu. Giza zina zili ndi mlonda womva kuchepa kwa oxygen, ndipo zoterozo zimazima chitseko chikatsekedwa, n'kugwira bwino chikakhala chotsegula. Mukaona khalidwe limenelo musafunefune chowonongeka. Itulutseni panja, muimangire kabokosi ka zitsulo kokhala ndi loko koma kopita mphepo, chumuni chikwere mowongoka kupitirira denga.

Malire a zimene mungachite nokha ndi awa: mabatire, kasefa, mutu wa shawa, kusintha silinda, kuyang'ana lawi ndi kusesa chumuni. Kumasula kachitseko ka gasi, kusintha timabowo totulutsa gasi, kapena kuyeza mphamvu yake, n'za munthu amene anaphunzira ntchito ya gasi ndipo ali ndi chida choyezera. Pulamba wodziwa madzi si onse amene amadziwa gasi. Ndipo pali nthawi yoti giza yakale ipume. Paipi ya kopa ikayamba kudontha n'kuoneka zobiriwira, poyakira moto pakadyeka ndi dzimbiri mpaka lawi kutulukira m'mbali, kapena mukapeza kuti wina anadumpha kale alonda ake ndipo zida zake sizikupezekanso, ndalama zokonzera zikhale poyambira kugula ina.

Ya azakhali sinafike pamenepo. Mmisiri uja anakwera pamakwerero, anagwetsa nyumba za mavu, anatsuka mwaye ndi burashi, ndipo mawa lake anabwera ndi chipewa cha chumuni chimene anakhomesa kwa okhoma zidebe ku Kamuzu Road. Tiwaya tiwiri tija anatisiya pamalo pake. Tinaiyatsa madzulo mwera uli pakati, ine nditagwira foni kuwerenga nthawi, azakhali akudzaza ndowa imodzi pambuyo pa inzake kuti madzi asatayike. Inazima pa mphindi 20.